Tisatsekane pakamwa

Dzulo pachiwaya cha tchipisi ku Chinamwali ndinapeza ophunzira a ku yunivesite akukangana za kota, njira yosankhira ophunzira a ku yunivesite potengera maboma ochokera, ngakhale boma linaithetsa mu 2020. Mtsikana wina anati malo apite kwa amene wakhoza bwino, posayang'ana boma lomwe wachokera. Asanamalize n'komwe, anzake anamudula: “Iwe ndiwe watsankho!” Anangozyolika, tchipisi n'kuzizira m'manja.

Zinandipweteka, abale. Inenso ndimafuna mwana wa kumudzi, wophunzirira pansi pa mtengo, apeze mwayi. Koma mumuyankhe mnzanuyo ndi mfundo, osamupatsa dzina. Mu 2011 sukulu ya ukachenjede ya Chancellor College (Chanco) inatsekedwa miyezi yambiri aphunzitsi akumenyera ufulu wolankhula m'kalasi, apolisi atafunsa mafunso mphunzitsi mnzawo Blessings Chinsinga pa zomwe anaphunzitsa. Ufulu umenewo ndi wa mtsikana ujanso.