Tsiku limene fulashi yanga inagwidwa ndi mizimu ku Lizulu

Popeza achimwene a zoimbira ayamba kale kufalitsa kuti ndinathawa fulashi yanga yomwe pachinkhoswe chija cha ku Lizulu, ndibwino ndifotokoze ndekha nkhaniyi isanafike ku Tsangano itamera nyanga. Sindinathawe. Ndinangobwerera m'mbuyo pang'ono, ndipo inuyo mukanakhalapo mukanadumpha mpanda.

Zonse ndinatchera mwaukatswiri. Fulashi, nyali ija imaphethira pojambula zithunzi, ya mabatire anayi a AA pasitandi, mamita awiri kuchokera pamene akhale eni chinkhoswe, cham'mbali, itakwera kupitirira mutu pang'ono. Ambulera yoyera kutsogolo kwake kuti kuwala kufewe. Mphepo ya ku Ntcheu mukuidziwa, ambulera imaiona ngati thanga la bwato, ndiye mwendo wa sitandi ndinautsamiza ndi kathumba ka kachewere kamene ndinabwereka kwa amayi ophika. Pamwamba pa kamera tiriga ya Godox, kachipangizo kolamula fulashi patali, yoyendera wailesi ya 2.4 GHz, gulupu A, mphamvu 1/16 (mphamvu yonse ndi 1/1). Shata, katani yotseguka kuti kuwala kulowe m'kamera, 1/200 ya sekondi; apecha, kabowo kolowera kuwalako, f/5.6; ISO, mmene kamera imamvera kuwala, 400. Ndinadina batani loyesera, fulashi n'kuphethira bwinobwino.

Abusa atangoti titseke maso, ng'ani!

Kamera inali lende pakhosi, manja anga ali m'thumba. Ndinaganiza kuti mwina chigongono chagunda batani. Abusa asanafike pakati pa pemphero, ng'ani, ng'ani, kawiri, ndipo mwamphamvu zedi moti ngakhale otseka maso anaona kufiira. Agogo ena a kuchikazi anatsegula diso limodzi n'kuyang'ana kumwamba. Kunja kunali kwa Julaye, kopanda kamtambo ngakhale kamodzi.

Choyamba ndinakayikira S1. Fulashi ukaiiwala pa S1 kapena S2 simveranso wailesi yokha, imayaka ikangoona fulashi ina yayaka pafupi. Ndinanyang'ama kukaona. Inali pa wailesi, mmene ndinaisiyira. Chodabwitsa chinali mphamvu: ine ndinasiya 1/16, pagalasi pakuoneka 1/1. Ndinabweza pa tiriga mpaka 1/16. Ndikuyang'ana ndi maso angawa, manambala anayamba kukwera okha, 1/8, 1/4, 1/2, mpaka 1/1.

Apa ndiye ndinazimitsa kamera. Ng'ani. Ndinazula tiriga pakamera, n'kuchotsamo mabatire ake awiri. Ndinaima pakati pa bwalo, mabatirewo ali pachikhatho ngati munthu wopereka chopereka, khamu lonse likundiyang'ana ine m'malo mwa abusa. Fulashi inakhala chete kwa kanthawi, ngati ikufuna aliyense aone kaye kuti mabatire ali m'manja mwanga. Kenako ng'ani, molunjika kumaso kwa ankhoswe a kuchimuna, amene anali atakumbatira tambala. Tambala analira pakati pa masana. Ankhoswe anamugwira pakamwa, iye n'kuwathira zake pajekete.

"Bambo wojambula," anatero agogo aja mondinong'oneza, koma bwalo lonse linamva, "chinthu chanuchi munakachitenga kwa ndani?"

"Ndinagula, agogo."

"Eya, onse amatero."

Pamenepo m'pamene ndinabwerera m'mbuyo paja. Ndinapunthwa pa kachewere.

Mwambo sudikira munthu, ndiye ndinabwezera mabatire n'kuyamba kujambula. Zithunzi zinkatuluka zoyera mbuu, nkhope ngati zapakidwa ufa woyera. Mwamantha ndinachita chinthu chimene ine mwini ndimaletsa anyamata ophunzira: ndinakweza shata kufika 1/500 kuti ndichepetse kuwala. Shata sichepetsa kuwala kwa fulashi. Kuwala kwa fulashi umachepetsa potsitsa mphamvu yake, kutseka apecha, kutsitsa ISO, kapena kusunthira sitandi kutali. Ndipo kamera yanga imagwirizana ndi fulashi mpaka 1/200 basi. Ukapitirira pamenepo usanayatse HSS, njira imene imalola fulashi kuyendera limodzi ndi shata yothamanga, katani yachiwiri ya shata imakhala yayamba kale kutseka pamene fulashi ikuyaka, ndiye mbali ina ya chithunzi imada bii. Kamera ndinali nditaiimika choongoka, choncho mdimawo unagwera kumbali. Mbali yakeyo ndi imene kunakhala mwamuna. Ndili ndi zithunzi 14 za mtsikana akumwetulira mokoma, akuveka mphete mdima.

Nthawi yonseyi nkhondo ya manambala inali mkati. Ine kutsitsa, iyo kukwera. Ine kutsitsa ndi mkwiyo, iyo kukwera ndi mkwiyo woposa. Fulashi yaing'ono ngati imeneyi ukaiwombetsa pa 1/1 motsatizana kambirimbiri imatentha, ndipo imadziteteza yokha: imayamba kuchedwa kudzaza, umadikira masekondi ambiri isanayakenso. Pofika nthawi yosinthana tambala ndi thadzi, chithunzi chimene banja lililonse limafuna, yanga inali itafunda ngati mbatata yootcha, ikuyaka ikafuna.

Ndiye ndinamva munthu akutukwana chapansipansi kuseri kwa tenti ya kuchimuna.

Mnyamata wa jekete lachikopa, kamera pakhosi, akumenya tiriga yake ndi chikhatho. Fulashi yake inali pasitandi kuseri kwa zokuzira mawu, kumene ine sindinkaona. Akuchimuna anali atabwera ndi wojambula wawo kuchokera ku Dedza osauza munthu.

"Achimwene, muli pa chanelo chanji?"

"Wani."

"Gulupu?"

"A. Koma fulashi yanga yapenga, ndikaika 1/1 ikumatsika yokha kufika 1/16."

Tinayang'anana nthawi yaitali. Wailesi sidziwa mwini wake. Tiriga iliyonse imene ili pa chanelo chimodzi imalamula fulashi iliyonse ya mtundu womwewo imene ili pa chanelo ndi gulupu yomweyo, ndipo pabwalo poyera imafika mamita pafupifupi 100. Iye akajambula, yanga inkayaka. Ine ndikajambula, zinkayaka zonse ziwiri, n'chifukwa chake nkhope zinkapsa. Ola lathunthu tinakhala tikukokerana mphamvu ngati anthu awiri ofunda bulangete limodzi.

Kukonza kwake sikunatenge ngakhale mphindi imodzi. Machanelo alipo 32. Ine ndinapita pa 17, pa tiriga ndi pa fulashi pomwe, chifukwa ukasintha kumodzi kokha fulashi imangokhala duu. Zipangizo zatsopano zili ndi nambala inanso ya ID, kuyambira 01 mpaka 99, imene ukaitchera mofanana mbali zonse ziwiri, wina ngakhale agwere pa chanelo chako sakukhudza. Ndinkaidziwa. Ndinali ndisanaione ntchito yake.

Tsono amene mukusekanu, pitani mukayatse matiriga anu muone ngati simuli pa chanelo 1 nonsenu. Ndiponso ndinafika pamalopo ndine woyamba, wofunika kufunsa anali iyeyo. Zithunzi za perekaniperekani zinatuluka bwino kwambiri, koma zimenezo palibe akuzikamba.

Ankhoswe akuti ndiwachapitsire jekete. Agogo aja pobalalika anakana kudutsa pafupi ndi sitandi, anazungulira kuseri kwa khola. Kachewere uja amayi ophika anati ndingotenga, sangamuphikirenso anthu.