Chifukwa chake sitigulitsa thanki ndi nsomba tsiku limodzi

Mwezi uno tatsegula chipinda chachiwiri cha mathanki pa shopu yathu kuno ku Blantyre. Choyamba chija chatsala cha mbuna, nsomba za m'miyala ya nyanja ya Malawi, ndipo chatsopanochi ndi cha timashrimp (tizilombo ta m'madzi ta m'gulu la nkhanu) ndi tinsomba tofatsa monga guppy ndi neon tetra. Tinayambira pakhonde, ndiye kufika pano mtima wathu uli mbee. Chatifikitsa kuno ndi lamulo limodzi limene ena poyamba amakhumudwa nalo: mukagula thanki yatsopano lero, nsomba sitikupatsani lero. Thanki iyenera kukhwima kaye, kutanthauza kuti mabakiteriya oyeretsa madzi achulukemo, ndipo kukhwimako kumatenga masabata 4 mpaka 8.

Nsomba ikadya imatulutsa amoniya, wambiri kudzera m'makha, wina m'zitosi. Chakudya chotsala ndi masamba owola zimawonjezeranso. M'nyanja amoniyayu amasungunukira m'madzi ochuluka, koma m'galasi la malita 60 alibe kopita. Amene amamuchotsa ndi mabakiteriya a magulu awiri. Gulu loyamba, la mtundu wa Nitrosomonas, limasandutsa amoniya kukhala nitrite, yemwenso ndi poizoni. Nitrite amalowa m'magazi n'kuwalepheretsa kunyamula mpweya, n'chifukwa chake mumaona nsomba ikupumira pamwamba pomwe pampu ikugwira bwinobwino. Gulu lachiwiri, la Nitrospira, limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene alimi amamudziwa kuchokera ku feteleza wa CAN. Ameneyu nsomba zimapirira akakhala wochepa, zomera zimamudya, ndipo wotsalayo timamuchotsa posintha madzi. Mabakiteriyawa amamatirira pa siponji ya fyuluta, pamchenga ndi pamiyala, sayandama m'madzi. Choncho kutunga ndowa ya madzi m'thanki yakale ya mnzanu sikukhwimitsa yanu. Amachulukananso pang'onopang'ono kwambiri poyerekeza ndi mabakiteriya owoletsa ndiwo. Zili ngati manyowa: mukathira asanapse amawotcha mbewu.

Phunziro limeneli tinalilipira modula. Chaka chathu choyamba wotigulitsa katundu wina anatipatsa mabotolo olembedwa kuti muli mabakiteriya amoyo, n'kutitsimikizira kuti tikathira m'mawa, madzulo tikhoza kuika nsomba. Mabotolowo anali atayenda masiku pamsewu kutentha kwa Okutobala. Sabata isanathe nitrite anakwera m'mathanki onse, timashrimp tinayamba kugona chammbali, ndipo katundu yense amene tinaoda ndi ndalama yangongole anathera m'ndowa. Wogulitsayo foni anasiya kuyankha. Wotikongoza uja, yemwe ankatitcha abale ake potipatsa ndalama, sanachotseko ngakhale tambala pa chiwongoladzanja, ndipo pa deti yake anali pakhomo. Tinabweza yonse. Kuyambira pamenepo sitikhulupirira cholembedwa pabotolo, timakhulupirira choyezera madzi.

Umu ndi mmene timakhwimitsira thanki ya 60 cm m'litali, 30 cm m'lifupi ndi 35 cm msinkhu, yomwe imalowa malita pafupifupi 60. Ikadzaza imalemera kupitirira 70 kg, ndiye tebulo likhale lolimba, losapendekeka, ndipo pansi pa galasi muyalepo kaphaphatidwe kofewa. Mchenga wa kumtsinje ndi wabwino, koma muutsuke m'ndowa mpaka madzi azituluka oyera, kenako muuyale wokhuthala 3 cm. Mwala uliwonse muudonthezere vinega. Ukachita thovu ndiye kuti uli ndi laimu ndipo udzakweza pH, nambala imene imatsika madzi akamawawasa n'kukwera laimu akachuluka. Wotero ndi wabwino kwa mbuna, koma m'thanki ya zomera ndi neon tetra musauike. Sopo asakhudze chilichonse, ndipo ndowa ya thanki ikhale yakeyake, osati yochapira.

Madzi a pampopi ali ndi klorini, mankhwala omwewo amene ali mu WaterGuard. Kwa munthu ndi chitetezo, koma kwa mabakiteriya amene tikuwaweta ndi imfa. Thirani mankhwala ochotsa klorini nthawi iliyonse mukuwonjezera madzi. Kuwasiya m'ndowa tsiku limodzi kapena awiri pampu ikuwira kumathandizanso, kungoti mankhwala ndi odalirika kuposa kudikira. Tungani pa mpopi wozizira. Madzi odzera mu giza amatha kutenga kopa wa m'mapaipi, ndipo kopa ngakhale wochepa amatha kupha timashrimp. Madzi a pamjigo alibe klorini, koma ambiri amakhala ndi laimu wochuluka, ena chitsulo, ndiye ayezedwe kaye.

Fyuluta imene timalimbikitsa ndi ya siponji yoyendera pampu ya mpweya. Ndi yotchipa, siyamwa ana a timashrimp, ndipo magetsi akathima imakhalabe m'madzi a m'thanki momwemo. Hita muikhazike pa 27°C nthawi yokhwimitsa, poti mabakiteriya amafulumira pofunda. Kuno m'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikagwa, thanki yopanda hita imatha miyezi iwiri ikungozengereza. Nyale iziyaka maola 6 okha patsiku, apo ayi ndere zidzatenga galasi lonse zomera zisanagwire.

Kenako mabakiteriya apatsidwe chakudya, chomwe ndi amoniya. Ife timagwiritsa ntchito ammonium chloride wa ufa: 0.4 g m'malita 60 amafikitsa amoniya pafupifupi pa 2 ppm, kutanthauza mamiligalamu 2 pa lita imodzi ya madzi. Amoniya wotsukira m'nyumba musamuyese ngati ali ndi fungo lonunkhiritsa kapena akuchita thovu mukamukhutchumula. Feteleza wa kumunda ayinso. Ngati ufawu mulibe, katsineni chakudya cha nsomba pang'ono tsiku lililonse kuti chiziwola, ngakhale njirayi sitiikonda chifukwa mlingo sudziwika ndipo imadetsa mchenga. Yezani madzi pakapita masiku awiri aliwonse ndi choyezera chamadontho. Timapepala toviika tambiri sitiyeza amoniya n'komwe. Lembani zotsatira m'kope, chifukwa chimene mukufuna kuona ndi mmene manambala akuyendera, osati a tsiku limodzi.

Sabata yoyamba nthawi zambiri sipaoneka kusintha. Madzi akhoza kuchita mbuu ngati mwathiramo mkaka. Amenewo ndi mabakiteriya ena odya zowola, amatha okha, musatsanule madzi. Cha m'sabata yachiwiri amoniya amayamba kutsika ndipo nitrite amaonekera. Apa ndi pomwe anthu ambiri amagwa ulesi, chifukwa nitrite amakhalitsa, nthawi zina masabata atatu osasuntha. Cholakwika chachikulu ndi kumangothira 2 ppm tsiku ndi tsiku pofuna kufulumizitsa. 1 ppm aliyense wa amoniya amabala nitrite pafupifupi 2.7 ppm, ndiye mukapitiriza kuthira mumaunjikira gulu lachiwiri ntchito lisanakule. Tsitsani kufika pa 1 ppm, kamodzi pa masiku awiri kapena atatu. Nitrite akadutsa 5 ppm, chotsani theka la madzi n'kuthira ena opanda klorini.

Chinanso chimene chimaimitsa ntchito mwakachetechete ndi pH. Mabakiteriya akamadya amoniya amatha KH, mlingo wa mchere umene umaletsa madzi kuwawasa. KH ikatha pH imagwa, ndipo ikatsika kupyola 6.5 ntchito imayamba kufooka. Munthu amangodabwa amoniya amene ankatha usiku umodzi tsopano akukhala masiku anayi. Mankhwala ake ali kukhitchini: soda wa m'paketi wophikira therere, osati chidulo. 1.5 g pa malita 50 amakweza KH ndi digiri imodzi. Musungunuleni m'kapu kaye, thirani, mawa lake muyezenso.

Za magetsi tiyenera kunena mosabisa, poti tonse tikudziwa mmene amathimira. Mabakiteriyawa amapuma mpweya. Pampu ikaima maola ambiri, makamaka m'fyuluta yotsekeka ya kunja kwa thanki, mpweya umatha ndipo amayamba kufa. Magetsi akabwera, fyulutayo imalavulira madzi onunkha m'thanki. Kapampu ka mabatire kapena kolumikiza ku power bank ndi kofunika kuposa chokongoletsera chilichonse chimene mungagule kwa ife. Siponji ikada, muifinye m'madzi amene mwachotsa m'thanki. Mukaitsuka pampopi mwabwerera pa tsiku loyamba.

Thanki timati yakhwima tikathira amoniya 2 ppm, n'kupeza pakatha maola 24 amoniya ali pa 0, nitrite ali pa 0, ndipo nitrate wakwera. Timabwereza kawiri motsatizana kuti titsimikize. Zikatero timasintha madzi ochuluka, theka kapena kupitirira, mpaka nitrate atsike pansi pa 20 ppm. Nsomba zisalowe zonse nthawi imodzi. Yambani ndi zisanu ndi imodzi, dikirani masabata awiri mukuyeza, kenako muwonjezere.

Timashrimp timafuna zoposa pamenepa. Tofiira timene timaweta, Neocaridina davidi, kwawo ndi ku Taiwan ndi ku China, ndipo timakhala bwino pa 20 mpaka 26°C, pH ya 6.5 mpaka 8 ndi GH ya 6 mpaka 8. Ndiye musaiwale kutsitsa hita mukamaliza kukhwimitsa. GH ndi mlingo wa calcium ndi magnesium, zimene kashrimp kamamangira chigoba chatsopano kakafundula. Ikachepa mumakapeza katafa ndi mzere woyera kuseri kwa mutu, katakanika kuvula. Chakudya chake chenicheni ndi kandere koterera komwe kamamera pagalasi, pamitengo ndi pamasamba, ndipo ana ongobadwa kumene amadalira komweko. Thanki ikhoza kupambana mayeso a amoniya koma ili mbee ngati mbale yotsuka, anawo n'kufa ndi njala. N'chifukwa chake timawonjezera masabata awiri mpaka anayi. Ikanimo chomera cha m'madzi chotchedwa Java moss ndi masamba awiri ouma a gwafa, owiritsa pang'ono, ochokera mumtengo wosapoperedwa mankhwala. Mukayang'anitsitsa tsamba lotero pakatha sabata, mumaona timanja ta kashrimp tikutolatola osapuma, ndipo pamenepo mumadziwa kuti thanki ikudyetsa yokha.

Potilowetsa, tikhuthulireni m'kabeseni ndi madzi ake a m'pepala, mumange mfundo pa kapaipi ka mpweya kuti madzi a m'thanki azidonthera m'kabesenimo madontho awiri kapena atatu pa sekondi, kwa ola limodzi kapena awiri. Yambani ndi 10 mpaka 15. Ndipo chonde, mankhwala opopera udzudzu ndi koyilo zisayandikire chipinda chimene muli thanki. Pampu imakoka mpweya wa m'chipindamo n'kuulowetsa m'madzi, ndipo timashrimp timatha usiku umodzi nsomba zili bwinobwino.

Ambiri amatifunsa ngati angasakanize timashrimp ndi mbuna. Ayi, mbuna zimatidya. Mbuna zimafunanso thanki ya malita 200 kupita m'mwamba, miyala yambiri, ndi madzi onga a kwawo ku nyanja ya Malawi, a pH ya 7.7 mpaka 8.6. Apa kukhwimitsa kumafunika kwambiri, chifukwa pa 25°C gawo lakupha la amoniya pa pH 8 limachuluka pafupifupi kakhumi kuposa pa pH 7. Nsomba zimene anthu a ku Germany ndi America amazisirira, monga Labidochromis caeruleus yachikasu ya kugombe la Nkhata Bay, n'zomvetsa chisoni kuziona zikufera m'galasi kwawo konkuno chifukwa cha changu.

Tithokoze tsopano. Mayi a kunyumba ndi ana, amene anapirira ndowa pakhonde ndi kulira kwa pampu usiku wonse, zikomo. Bambo amene amatidulira galasi ku Limbe, omwe sanatipatsepo m'mphepete mokhota, ndi achimwene owotcherera zitsulo ku Ndirande amene anapanga mashelefu a chipinda chatsopanochi, Mulungu akudalitseni. Amayi a banki m'khonde amene anatikhulupirira titagwa, pomwe ena ankawerengera chiwongoladzanja, sitidzakuiwalani. Aphunzitsi amene amabwera ndi ana asukulu kudzaona mmene nitrite amasinthira mtundu m'kabotolo, pitirizani kubwera. Koposa onse, inu akasitomala amene munavomera kusunga thanki yopanda nsomba pabalaza mwezi wathunthu alendo akukufunsani mafunso, ndinu amene mwamanga chipindachi.

M'chipinda chatsopanochi tasiya shelefu yonse ya masiponji amene akhala m'mathanki athu okhwima kwa miyezi iwiri kapena kuposa. Siponji yotero imafupikitsa kudikira, nthawi zambiri kufika pa sabata imodzi kapena ziwiri, bola ifike kwanu ili m'madzi tsiku lomwelo ndipo muyezebe musanaike nsomba. Tilinso ndi mathanki a 60 cm ndi 90 cm, mapampu a mabatire, zoyezera zamadontho, ndi ammonium chloride woyezeratu m'timapaketi ta malita 60. Kuyeza madzi ndi kwaulere ngakhale thanki munagula kwina. Tungani theka la botolo lotsuka bwino lopanda sopo, m'mawa wa tsiku lomwe mukubwera, ndipo mutenge ndi kope lanu lija kuti tione limodzi pamene thanki yafika.