Woyankha mafunso wa nambala 13

M'chaka chachiwiri cha maphunziro anga a digiri yachiwiri ku Zomba ndinali ndi zofuna zinayi koma foni imodzi. Ndinkafuna kumaliza kafukufuku wanga, ndinkafuna kuthamanga nawo mpikisano wa paphiri la Mulanje wotchedwa Porters' Race, ndinkafuna kutulutsa chimbale cha ndakatulo zanga, komanso ndinkafuna kuyendako ndi kuona dziko ndisanakwatire. Mayi anga atamva zimenezi anapukusa mutu n'kunena kuti, "Mwanawe, mapanga awiri avumbwitsa, nanga iwe wa mapanga anayi udzatani?" Ine ndinawayankha mwaulemu kuti mwambi umenewo anaupeka anthu amene analibe ndandanda wa nthawi, pamene wanga ndinali nditaumata kale pakhoma, wolembedwa ndi zolembera za mitundu inayi.

Kafukufukuyo anali wokhudza mmene alimi ang'onoang'ono a tiyi ndi zinanazi a ku Mulanje anadzukiranso atasakazidwa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo nditaona kuti mpikisano uja umachitika mu Julaye m'boma lomwelo, ndinadziona ngati munthu wanzeru kuposa onse a m'kalasi mwathu. Ndinakonza zoti kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu ndikacheze ndi alimi, Loweruka ndikathamange, usiku uliwonse ndizikapeka ndakatulo, ndipo ndalama ya ulendo umodzi ikagwire ntchito zonsezi.

Kwa miyezi itatu ndinkadzuka m'bandakucha n'kuthamanga mumsewu wokwera ku Ku Chawe, nditavala nsapato zapakaunjika zimene wogulitsa wake analumbira kuti mwini wake woyamba ankathamanga nazo ku London. Msewu umenewu ndi wa phula ndipo umakwera mokhotakhota ngati ukumvera chisoni miyendo ya munthu, koma ine ndinkaganiza kuti phiri ndi phiri basi.

Aphunzitsi amene ankayang'anira kafukufuku wanga, omwe tonse tinkangowatchula kuti a Dokotala, anali munthu wofatsa, wosakweza mawu, koma wokhala ndi funso limodzi limene linkaumitsa malovu mkamwa. Ukawapatsa masamba makumi awiri, ankawerenga mwakachetechete, kenako n'kuvula magalasi n'kufunsa kuti, "Tsono bambo, mukufuna kunena chiyani?" Analinso ndi lamulo lakuti wophunzira aliyense akabwera kokafunsa anthu mafunso aziwapatsa mawu onse amene wajambula, chifukwa anali ataonapo ena amene amapeka mayankho a alimi atakhala m'chipinda chawo chogona.

Ndinakwera minibasi kuchoka ku Zomba kupita ku Limbe, kenako ina yodzera msewu wa Midima mpaka pa Chitakale, ndipo sabata imeneyo inayenda bwino kuposa mmene ndinkayembekezera. Ndinacheza ndi alimi 12, aliyense atavomereza kaye kuti ndijambule mawu ake, ndipo foni inkasunga macheza amenewa powapatsa manambala yokha, kuyambira 1 mpaka 12. Madzulo chiperoni chikayamba kuwaza ndinkadzifunditsa bulangete m'chipinda chimene ndinachita lendi n'kumapeka ndakatulo yopita kwa mtsikana wina wa m'kalasi mwathu amene pa nthawiyo sankadziwa kuti ali ndi mlakatuli.

Loweruka m'mawa wa kabaza ananditula pa Likhubula, pamene mpikisano umayambira. Mpikisanowu unayamba ngati wa anthu onyamulira alendo katundu paphiri, amene amakwera ndi zikwama zolemera sabata ndi sabata, ndipo njira yake, ya makilomita oposa 20, imakwera ku Chambe, n'kudutsa ku Lichenya, n'kutsikiranso pa Likhubula pomwepo. Akatswiri amamaliza maola atatu asanakwane. Ine ndinadziikira maola anayi, pofuna kudzichepetsa. Popeza ndinkakhulupirira kuti maganizo abwino amabwera munthu akamathamanga, ndinatsegula chojambulira mawu cha pafoni, n'kuika foniyo m'kathumba ka pachifuwa, kuti mfundo za chaputala chachinayi zikabwera ndizingozilankhula osaima.

Mfundo yoyamba inabweradi titangonyamuka, ndipo inali yabwino. Yachiwiri sinabwere, chifukwa njira inaimirira mwadzidzidzi ngati khoma, ndipo pasanathe theka la ola ndinali nditasiya kuthamanga, n'kusiyanso kuyenda, n'kuyamba kukwawa pamiyala yoterera ndi mame. Nsapato za ku London zija zinaonetsa kuti ku London kulibe ndere. Pamene ndinali nditakumbatira mwala wina, mayi wina wamsinkhu wa azakhali anga, wopanda nsapato, atamanga chitenje cholimba m'chiuno, anafika kumbuyo kwanga n'kunena kuti, "Pepani achimwene, tidutse nawo." Sankapuma n'komwe mwawefuwefu. Atadutsa anacheuka, n'kundiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kufunsa mwachifundo chenicheni ngati kumunsi kuja ndinabwera ndi abale.

Za foni ndinali nditaiwaliratu. Munthu akatopa kufika pamenepo amayamba kufuna womuimba mlandu, ndipo ine ndinapeza a Dokotala. Ndinauza miyala kuti munthu ameneyo sanatulukepo thukuta chibadwire, kuti cholembera chake chofiira chamwa magazi a ophunzira ambiri kuposa udzudzu wa ku Chilwa, ndiponso kuti akanakhala kuti ali pano ndikanakonda kuona mmene angakwerere ndi kamimba kawo kaja. Kenako ndinaimirira, n'kuyang'ana thanthwe lalikulu la Chambe limene linali litatulukira m'nkhungu, n'kulifunsa ndi mawu awo enieni, mwapang'onopang'ono, ndikuchita ngati ndikuvula magalasi: "Tsono bambo, mukufuna kunena chiyani?" Ndinaona kuti ndawatsanzira bwino, choncho ndinabwereza kanayi.

Nditafika pamwamba minofu ya miyendo yonse iwiri inakokana nthawi imodzi, ndipo ndinagwa chagada paudzu wozizira. Pamenepo ndinasiya za a Dokotala n'kuyamba kukambirana ndi Mulungu. Ndinalonjeza kusiya kuthamanga, kubweza chakhumi cha miyezi isanu ndi iwiri, ndiponso kupita kumudzi kukapepesa mayi pa nkhani ya mapanga ija. Nditakumbukira zimene alimi anandiuza, kuti phiri limeneli lili ndi eni ake osaoneka ndipo ena amene analowera ku Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, sanabwerere, ndinapepesanso mizimu, kuti ndisasiye mbali iliyonse yodandaula. Pomaliza, poganiza kuti mwina sindidzatsikanso, ndinalakatula mokweza ndakatulo ya mtsikana uja, ndime zonse zisanu ndi ziwiri, pamodzi ndi dzina lake. Mnyamata wina woyang'anira njira anamvetsera mpaka kumapeto, n'kundipatsa nthochi.

Za ku Lichenya ndi zotsika sindinena zambiri, kupatula kuti mbali yaikulu ndinatsika chokhala, ndipo kabudula wanga anatsalira paphiri pang'onopang'ono. Ndinafika pa Likhubula patatha maola oposa asanu ndi awiri, mphoto zitaperekedwa kale, anthu akukweza mipando m'galimoto. Foni inali itazima.

Lolemba ndili ku Zomba, ndikutsika masitepe chafutambuyo chifukwa ntchafu zinkakana njira ina iliyonse, ndinakopera mawu onse a m'foni pa fulashi osawerenga kuti alipo angati, n'kukasiya ku ofesi ya a Dokotala. Patatha sabata anandiitana.

Anandilandira bwino, n'kundiuza kuti macheza a alimi anali abwino ndipo mafunso anga anali omveka, zimene anali asanandiuzepo chiyambire. Kenako anatsegula kope lawo n'kunena kuti panali woyankha mmodzi amene ankawadetsa nkhawa. "Wa nambala 13 uyu," anatero, "akuoneka kuti namondwe anamusautsa kwambiri kuposa anzake onse. Walankhula maola atatu ndi mphindi 40, ndipo sindikuona chikalata chake chovomereza kujambulidwa." Ndinayamba kufotokoza kuti alimi anali 12 okha, koma chiganizocho chinafera pakhosi, chifukwa a Dokotala anali atadina kale kompyuta yawo, ndipo m'chipindamo munamveka kupuma kwa munthu ngati mvukuto ya wosula makasu, kenako mawu a mayi uja akuti, "Pepani achimwene, tidutse nawo."

Ndinapempha kuti azimitse. Iwo anayankha kuti palibe chifukwa chodera nkhawa, popeza anali atamvetsera kale zonse paulendo wopita ku Lilongwe, ndipo kutalika kwake kunangokwanirana ndi msewu. Anawonjezera kuti m'galimotomo munalinso mayi akunyumba, amene anapempha kuti mbali ya ku Chambe ija aibwereze pa Balaka, pa Ntcheu ndi pa Dedza, ndipo kuyambira tsiku limenelo akawafunsa za ndiwo amayamba avula kaye magalasi amene alibe. Pa nkhani ya kamimba, anati adokotala awo a kuchipatala ananenapo zofanana ndi zimenezo, kungoti iwo analipiritsa.

Ndinayang'ana pansi kufunafuna mng'alu woti ndilowemo, koma simenti ya m'maofesi akale a ku Zomba ndi yolimba. A Dokotala anatulutsa pepala limene anali atalembapo ndakatulo yanga yonse ndi dzanja lawo, itazunguliridwa ndi inki yofiira. Anati ndime yachitatu ikubwereza zimene yachiwiri yanena kale, kuti kuyerekeza maso a munthu ndi dziwe la Mulunguzi n'kolakwika chifukwa madzi ake amachepa m'chilimwe, ndiponso kuti mwini dzina uja nayenso ndi wophunzira wawo, amene amabwera Lachinayi lililonse, koma iwo sauza wophunzira zotsatira za kafukufuku wa mnzake zisanasindikizidwe.

Atatero anandipatsa pepalalo pamodzi ndi fulashi, n'kunena kuti mfundo imodzi ija ndinalankhula titangonyamuka pa Likhubula inali yabwino kuposa zonse zimene ndinawalemberapo m'zaka ziwiri, ndipo akufuna chaputala chachinayi chimangidwe pa mfundo imeneyo pofika pa 15 Ogasiti. Ndinathokoza, n'kuimirira mothandizidwa ndi tebulo. Ndili pakhomo anandiitananso, magalasi ali m'manja, n'kufunsa ngati chakhumi chija ndinabweza.