Nthochi zatha basi

Ndangochoka kumene kwa dokotala wa ziweto, manyazi andigwira. Miyezi yonseyi ndakhala ndikupatsa kaferret kanga (kanyama koweta kofanana ndi likongwe) tizidutswa ta nthochi ndi mphesa zouma, mumtima ndikuti ndikukakonda. Adokotala angopukusa mutu.

Kanyamaka kamadya nyama basi. Matumbo ake ndi aafupi, chakudya chimadutsa m'maola 3 kapena 4 okha, ndiye zipatso ndi masamba sikazigaya bwino. Zotsekemera ndiye zoipiratu, zimatopetsa kapamba. Ngakhale chakudya cha agalu sichikwanira, mapuloteni ndi mafuta zimachepa. Mkakanso umakatsegula m'mimba.

Kuyambira lero ndi nkhuku, mazira ndi chakudya chopangidwira maferret. Panopa kakundiyang'anitsitsa ndi timaso take tija, kudikira nthochi. Sindikapatsa, koma abale, mtima ukundiwawa!