Mission statement pakhoma, mizu ya soya m'manja

Sabata ino ku gawo lathu la zaulimi ndi sayansi ya zamoyo kunali kalikiliki wokonzanso mission statement, ija imapachikidwa polowera kuti alendo aziwerenga. Lolemba a Dean anatiitana tonse ku miting'i, malekichara, a mu labu mpaka a ku famu, ndipo zomwe tinagwirizana ndi zakale zomwe zija, kuti ntchito zathu ndi zitatu, kuphunzitsa, kufufuza ndi kukafikitsa zomwe tapezazo kwa alimi. Kagawidwe kameneka kanatchuka ku America, komwe Abraham Lincoln anasayina Morrill Act mu 1862 yopereka malo oti makoleji a zaulimi ayambirepo, kenako Hatch Act ya 1887 inabweretsa masiteshoni a kafukufuku, Smith-Lever Act ya 1914 n'kubweretsa ulangizi. Ine ndinangofunsa kuti nanga bwanji pokweza munthu pantchito timangowerenga mapepala omwe wasindikiza basi, masiku omwe wathera kumunda ndi alimi osawerengedwa? Anthu anaseka, a Dean n'kuti "tiziona adokotala", n'kupita pa mfundo ina. Pa mavalues sipanavute, kunena zoona, kutumikira anthu, kusamala chilengedwe, aliyense anangovomera poti nthawi inali itatha.

Lachiwiri linapita ndi kalasi komanso kuchonga, palibe chokamba.

Nkhani inali Lachitatu. Tili ndi trayalo ya soya yomwe kampani ina inatipatsa ndalama kuti tiyese inoculant wawo, ufa wakuda uja umapakidwa ku mbewu usanadzale, momwe muli mabakiteriya a Bradyrhizobium. Mpweya tikupumawu pafupifupi 78 peresenti ndi nayitirojeni koma mbewu singamutenge yokha, mabakiteriyawa ndi omwe amalowa m'mizu n'kupanga timaphundu momwe amamugwira n'kumupatsa mbewu. Si zatsopano ayi, asayansi Hellriegel ndi Wilfarth anazionetsa mu 1886, wina Beijerinck n'kupatula bakiteriya wa m'timaphundu totere mu 1888. Ndiye ndinatenga ophunzira a chaka chachitatu kukakumba mbewu m'mapuloti, osazula ndi mphamvu chifukwa timaphundu timatsalira m'dothi, umakumba mozungulira n'kutsuka mizu m'ndowa pang'onopang'ono. Kenako lezala. Kaphundu kogwira ntchito ukakadula mkati mwake mumakhala mofiirira ngati nyama yaiwisi, chifukwa cha puloteni yofiira yotchedwa leghaemoglobin, koma kakakhala koyera kapena kobiriwira palibe chikuchitika. Mtsikana wina anadula, kudulanso, n'kundiyang'ana, "adokotala, kapena ndikudula molakwika?" Ayi ndithu amadula bwino. Timaphundu tinali tochepa, ting'onoting'ono, toyera mbee, chimodzimodzi m'mapuloti omwe sitinapake kanthu. Buloko (gulu la mapuloti oyandikana) imodzi yokha, yakumunsi kuja kosachedwa kusunga chinyezi, ndi yomwe inaoneka bwinoko.

Lachinayi woimira kampani uja anabwera, munthu waulemu zedi, n'kuona manambala n'kungoti kakasi. Kenako anayamba mozungulira, eti adokotala bwanji mu lipotili tingoonetsa za buloko yakumunsiyo poti kwinako mwina dothi ndi lomwe lavuta, n'kutchulanso mwapatalipatali za ndalama za sizoni yamawa. Apa ndi pomwe ndinamufotokozera chifukwa chomwe timachitira mayere poika mapuloti n'kubwereza m'mabuloko angapo, njira yomwe katswiri wa masamu R.A. Fisher anaikhazikitsa ali ku siteshoni ya kafukufuku ya Rothamsted ku England m'ma 1920, cholinga chake n'choti munthu asamasankhe pomwe pamusangalatsa. Ukangotenga buloko imodzi ndiye kuti wayeza chinyezi cha pamalopo osati mankhwala, ndipo mlimi yemwe adzagule atawerenga dzina la yunivesite pa paketi ndi amene adzalire. Ndinamuuzanso zomwe ndikuganiza kuti zinachitika, mabakiteriyawa ndi amoyo, akakhala padzuwa kapena m'galimoto yotentha amafa, ndiye n'kutheka kuti katundu wawo alibe vuto koma anafika atafa kale. Zimenezo tingazilembe ngati zongoganizira, koma manambala onse alowa.

Chinandiwawa n'choti mnzanga wina wa mu dipatimenti anandikokera pambali n'kuti ndisaumitse mutu, labu yathu ikudalira ndalama zomwezo. Sakunama, ma reagent, mankhwala oyezera mu labu aja, sagulidwa ndi mission statement. Komano ophunzira aja anadula okha timaphunduto, lipoti likatuluka losiyana ndi zomwe anaona ndidzawaphunzitsa chiyani za kafukufuku?

Lachisanu ndinatumiza lipoti ndi mabuloko onse, kope kwa a Dean, ndipo kumapeto ndinapempha kuti sizoni yamawa tidzabwereze ndi inoculant watsopano wosungidwa mu fuliji, titayamba tawerenga mu labu mabakiteriya amoyo tisanadzale. A Dean anayankha mawu amodzi, "ndalandira". Akampani mpaka pano ali zii.