Kachirombo kogona m'kati mwa majini

Sabata ino taphunzira mmene HIV imasokonezera majini (ma gene, malangizo achibadwa oyendetsa selo) m'maselo a CD4, aja kuchipatala timangowatchula kuti asilikali a m'thupi. Kachiromboka kali ndi majini 9 okha, pomwe munthu ali ndi pafupifupi 20,000, koma ochepawo amakwanitsa kulamula selo lonse.

Kakalowa, kamasandutsa RNA yake, ulusi wosunga majini ake, kukhala DNA, ulusi wa mtundu umene selo la munthu limasungiramo majini, ndipo puloteni yotchedwa integrase imasokerera DNA imeneyo pa DNA ya mwini selo, ngati chigamba pa ukonde. Kuyambira pamenepo selo likamawerenga majini ake, limawerenganso a mlendoyo. Puloteni ya Tat imafulumizitsa kuwerengako kuti tizirombo tichuluke. Ya Nef imachotsa kunja kwa selo zizindikiro za MHC-I, zomwe zikanaitana maselo a CD8, asilikali ena a m'thupi, kudzapha selo logwidwalo. Thupi nalo limayatsa majini a interferon, puloteni yochenjeza maselo za tizirombo, chitetezo n'kumangokhala chili chilili usana ndi usiku mpaka kutopa.

Koma chomwe chandigwira mtima kwambiri ndi kugona kwa kachiromboka. Maselo ena a CD4, makamaka osunga chikumbukiro cha matenda akale, amapuma kwa zaka zambiri. Akapuma, majini a HIV nawonso amangoti zii. Sapanga tizirombo tatsopano, ndiye chitetezo sichiwaona, ma ARV nawonso alibe powagwira. Ofufuza anatsimikiza zimenezi mu 1997 mwa anthu amene ankamwa mankhwala mwandondomeko.

Pomwe tikuchita ma practical kuno ku Mangochi, bambo wina, msodzi wa ku Makawa, anandifunsa atagwira botolo lake la ma ARV otchedwa TLD: "Mwanawe, mwati kachirombo sikakuonekanso m'magazi. Nanga mankhwalawa ndizimweranji?" Funso la nzeru ndithu, ndipo yankho lake lili m'majini momwemo. Dolutegravir, yemwe ali m'mapiritsi amenewa ndipo Malawi anayamba kumugwiritsa ntchito kwambiri mu 2019, amatsekereza integrase kuti isasokerere m'maselo atsopano. Zomwe zinasokedwa kale sazisomola. Munthu akasiya kumwa, selo logona lija likadzuka, kawirikawiri pamangotha masabata ochepa kachirombo n'kudzazanso m'magazi.

Ndinawajambulira papepala selo ndi ulusi wake wa DNA, n'kuwapempha kuti akamapita kukagonera kunyanja masiku angapo, botolo lizikhala m'pulasitiki m'thumba mwawo. Anapinda pepalalo, nati akawaonetsa anzawo a m'boti.