Laputopu itazima ndisanaseve lipoti

Lachiwiri usiku laputopu yanga inangouma gwaa. Mausi osayenda, kiyibodi osayankha, kenako sikirini bii, yazima yokha. Ndinali nditatsegula mafayilo atatu mu Word, limodzi linali lipoti lomwe ndinayamba kulemba masana ndipo ndinali ndisanaseve olo kamodzi, pamwamba pake panali pakadalembedwa Document1. Thukuta linatuluka osati masewera.

Nditayatsanso ndinadzigwira, sindinangoyamba kudinadina paliponse ngati mmene ndimachitira ndikapanikizika. Ndinatsegula Word nkudikira. Kumanzere kunatuluka kabokosi ka Document Recovery kali ndi mafayilo onse atatu, lililonse ndi nthawi yomwe linasungidwa komaliza. Lipoti lija linabwera ndithu, kungoti ndime ziwiri zakumapeto kunalibe.

Ndime ziwirizo zinapita chifukwa zomwe ukutayipa zimakhala kaye mu RAM, memori yongosunga zinthu kwakanthawi mu kompyuta, ndipo RAM moto ukangoduka imaiwala zonse. Word payokha imakopera ntchito yako pa disiki mphindi 10 zilizonse mu kafayilo kothera ndi .asd, ndiye makina akafa patadutsa mphindi 9 chikopereni, zonse zomwe walemba mu mphindi 9 zimenezo zapita basi, palibe kozipeza. Ine pano nambalayo ndinaitsitsa kufika pa 2, mumapita ku File, Options, Save, ili pompo. LibreOffice, pulogalamu ina yolembera ngati Word, nayonso ili ndi zake pansi pa Load/Save, ndipo ukaitsegula pambuyo pa ngozi imayamba yafunsa kaye ngati ibweze zomwe zinali zotsegula.

Koma pomwe anthu amaluzira ntchito kwenikweni ndi pa kabokosi kaja. Munthu waona lipoti lake labwera, wasangalala, akupitiliza kulemba osaliseva ndi dzina, kapena akutseka Word mwaphuma ndiye ikamufunsa ngati isunge mafayilowo kuti adzawaonenso kapena iwachotse, iye osawerenga nkomwe wadina kuti achotsedwe. Apo ndiye wazitaya wekha ndi chala chako. Ine fayilo lililonse ndinalitsegula, kuyang'ana kumapeto kwake kuti lathera pati, nkupanga Save As nthawi yomweyo ndisanakhudze china chilichonse. Ngati pali makope awiri a fayilo limodzi yang'anani nthawi, komanso tsegulani onse, nthawi zina lomwe munaseva nokha ndi lomwe lili ndi zambiri.

Kabokosiko kakapanda kutuluka musataye mtima msanga, ku File, Info, Manage Document kuli Recover Unsaved Documents. Mafayilo omwe sanasevedwepo amakhala kumeneko masiku 4 okha, ndiye si zoti ndidzaona sabata yamawa.

Za mu burawuza sizinandivute, ma tabu anga onse anabwerera ndi Ctrl+Shift+T, imagwira mu Chrome ndi Firefox momwe. Notepad++, pulogalamu yomwe ndimalembera tinotsi, ndiye imandisangalatsa, imasunga masekondi 7 aliwonse, tinotsi tanga tomwe sindinatipatsepo dzina ndinangotipeza tili phee pamalo pake ngati palibe chachitika.

Ndime zija ndinazilembanso usiku womwewo. Yoyamba inatuluka bwino kuposa poyamba, koma yachiwiri ija mpaka lero ndikudziwa kuti munali mfundo ina yake yomwe ikukana kubwera mmutu.